Chaka Chimene Khungu Langa Linakana Mankhwala

Ndinayamba kuthyola tiyi ndili ndi mwana mmodzi, ndipo pofika chaka chimene ndikufuna kusimbachi ana anali atakwana atatu. Kwathu ndi kwa Nsabwe, koma tinkakhala m'nyumba za kampani pa esiteti ina yakufupi ndi boma la Thyolo, mzere wachitatu kuchokera pampopi. Amuna anga ankagwira ntchito m'fakitale, kuchipinda chofotetsera masamba asanalowe m'makina. Ankabwera kunyumba akununkhira tiyi wamuwisi mpaka m'tsitsi. Ine ndinali wakumunda, dengu kumsana, epuloni yapulasitiki m'chiuno.

Ntchitoyo ndinkaikonda, ngakhale ena amadabwa ndikanena choncho. Mvula ikangoyamba tiyi amaphuka ngati akuthamangitsidwa, ndipo manja akazolowera amathyola okha, mutu uli kwina. Tinkacheza, kuimba, kunyogodolana pang'ono, akapitawo akuyendayenda kumapeto kwa mizere. Khungu langa linali lisanandivutepo. Ndinakula ndikusenda kalongonda ndi kutola nkhuni m'matchire a chitedze, koma kukanda kopitirira tsiku limodzi sindinkakudziwa. Anzanga manja ankawang'ambika ndi mame a m'mawa, anga ayi.

Mwana wachitatu anabwera movuta. Ndinataya magazi ambiri, ndipo ndinagona m'chipatala sabata yathunthu ndi masiku ena pamwamba. Potuluka anamwino anandiuza mosabisa kuti thupi langa likufunika kupuma zaka zingapo. Ndinavomera ndi mutu, koma mawuwo sindinawafikitse kunyumba. Amuna anga ndi a kwa Mphuka, anabadwa asanu ndi anayi m'mimba imodzi, ndipo ankakonda kunena moseka kuti akufuna ana okwanira kwaya, ena oimba pamwamba, ena pansi. Ine sindinkadziwa kuti m'mawu amenewo nthabwala ikulekeza pati, zoona zikuyambira pati. Choncho tsiku lina, mwana ali ndi miyezi inayi, nditamuyezetsa kusikelo ndinatsalira m'mbuyo n'kulowa m'kachipinda ka zakulera. Anandibaya jakisoni wa miyezi itatu. Tsiku lobwereranso analilemba pakakhadi kapadera, osati m'buku langa lakuchipatala, chifukwa ndinawapempha choncho. Kakhadiko ndinakabisa m'buku la nyimbo la amayi a kutchalitchi, limene amuna anga sankaligwira.

Sindinkadziona ngati wolakwa kwenikweni. Amayi ambiri pamalayini a nyumba za kampani ankachita zomwezo, ndipo tinkadziwana popanda kuuzana.

Patatha masabata awiri kapena atatu ndinayamba kumva kuyabwa m'mikono, chakufupi ndi zikhatho, kenako m'khosi. Panatuluka timatuza ting'onoting'ono ngati mawere. Unali mwezi wa Disembala, nthawi imene tiyi amachuluka kuposa manja, ndiye aliyense anali ndi yankho lake. Wina ankati ndi mbozi zaubweya zija zimabisala kunsi kwa masamba, wina ankati feteleza, wina sopo. Za jakisoni sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Anandibaya kuthako, nanga akanakafika bwanji kukhosi?

Ndinapita kukiliniki ya pa esiteti. Adokotala athu anali abambo achinyamata ochokera kumpoto, aulemu kwambiri, amene Chichewa chawo chinkatiseketsa koma tinkawakonda. Anayang'ana mikono yanga, anati ndi ziwengo wamba, n'kundipatsa kachubu koyera kuti ndizidzola kawiri patsiku. Masiku atatu oyamba ndinawadalitsa mumtima. Kuyabwa kunazirala, kufiira kunachepa. Koma tsiku lachinayi kapena lachisanu timatuza tija tinabwerera titaitana anzawo. Ine ndinaganiza kuti ndikudzola moumira, ndiye ndinayamba kupaka mowirikiza. Kachubu kakatha ndinkapita kukatenga kena.

Ndinayenda choncho miyezi itatu, lero bwino, mawa ayi. Tsiku la pakakhadi kaja litakwana ndinakabayitsa kachiwiri, ndipo pasanathe masabata awiri zinafalikira. Zinafika pachifuwa, kumsana, kuseri kwa mawondo. Malamba a dengu ankadutsa pamapewa pomwe panali zilonda, moti pofika masana bulauzi inkamatirira pakhungu. Ndinkathyola ndi dzanja limodzi, lina likukanda. Makilo anga anatsika mpaka akalaliki a pasikelo ya masamba, amene sankalankhula ndi munthu, anadzutsa mutu n'kundifunsa ngati ndikudwala.

Panali mayi wina amene tinkathyola moyandikana, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi, wokonda nthabwala, amene ndinkawatchula kuti achemwali ngakhale panalibe ubale. Masiku amenewo ankandiponyera masamba m'dengu langa akapitawo akayang'ana kumbali. Loweruka lina anapita kumsika ku Bvumbwe, n'kubwerako ndi chubu china chabokosi lokongola. Anati wogulitsa wawatsimikizira kuti amenewa ndi amphamvu kuposa akukiliniki, amathetsa ngakhale zipere zakalekale. Anandipatsa ndi mtima wonse, ine ndinalandira ndi manja awiri. Nthawi imeneyo zidzolo zinali zitakwera kuseri kwa makutu ndi m'masaya, ndiye ndinadzola nkhope yonse. Pofika Lachiwiri ndinadzuka maso atatsala timing'alu. Milomo inali italemera ngati si yanga. Mwana wanga wachiwiri anandiyang'ana kamodzi n'kukabisala kuseri kwa chitseko.

Mkono umabisika m'malaya, koma nkhope ayi. Pampopi nkhani inali ine. Ena ankati ndimadzola mafuta oyeretsa khungu ndiye andiwotcha, ndikufuna kuoneka ngati akazi a mabwana. Ena ankatsitsa mawu n'kumati ndi matenda aja. Tsiku lina mayi wina, amene ndinamuthandizapo kuphika pamaliro a mwana wake, anadikira kuti ndisenze ndowa n'kutsuka chogwirira cha mpopi ndi mchenga ine ndisanafike patali. Kuyabwa ndinkapirira, koma zimenezo zinandiliza.

Amuna anga si olankhulalankhula. Anamva zonse, chifukwa za pampopi zimafika m'fakitale tsiku lomwelo. Lamulungu tikuchokera kutchalitchi anandiuza kuti mawa lake apempha chilolezo kuntchito tipite tonse kukayezetsa magazi, kuti chimene tikamve tikamvere limodzi. Tinapita. Kachilombo sanakapeze mwa aliyense wa ife. Pobwerera anagula nzimbe, n'kumayenda pang'onopang'ono pambali panga kudutsa mizere yonse ya nyumba, akusenda ndi mano n'kumandipatsira, mpaka kudutsa pampopi pomwe. Sanauze munthu aliyense zotsatira. Ankangopereka moni kwa aliyense amene tinakumana naye.

Komabe matenda anali pomwepo, ndipo tsopano tinalibe ngakhale dzina lowaitanira. Chubu cha ku Bvumbwe ndinachisiya, ndinabwerera ku chakukiliniki. Kumsana sindinkafikako, ndiye ankandidzoza ndi amuna anga m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Iwo ntchito yawo ndi yamaso. Amayang'ana masamba atayalidwa n'kudziwa kuti awa afota mokwanira, awa atsala pang'ono, awa apitirira. M'mawa wina anatsegula chubu, koma m'malo mondidzoza anayang'anitsitsa msana wanga nthawi yaitali.

"Amayi, pamene ndikudzozapa ndi pamene pakupsa," anatero. "Kunsi kwa phewa ili kuli malo amene ndimaiwala. Kumeneko n'kwabwinoko."

Ndinawatsutsa. Ndinati mankhwala angakhale bwanji matenda, pomwe ndikadzola ndimapeza mpumulo. Iwo sanakangane nane. Anatseka chubucho, n'kunena kuti masana tikakumane kukiliniki.

Ndinkaopa kuti adokotala akhumudwa kumva munthu wa m'fakitale akuwauza za mankhwala awo. Sizinatero. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaitana anamwino, n'kundipempha kuti ndiwaonetse msana pafupi ndi windo. Anati kufiirako kuli ndi malire owongoka, ndipo pena pakuoneka mizere ngati ya zala. Anavomera kuti zoterezi anaziwerengapo kusukulu koma anali asanazionepo ndi maso. Anandiuza kuti ndisiye kudzola chilichonse, analemba kalata yopita kwa dokotala wa khungu kuchipatala chachikulu ku Blantyre, n'kutilangiza kuti titenge machubu onse, ngakhale otha kale.

Amayi anga anabwera kuchokera kwa Nsabwe kudzatsala ndi ana awiri aakuluwo. Atandiona anayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, monga amachitira akakhala ndi nkhawa, koma sanandifunse zambiri. Unali mwezi wa Meyi, chiperoni chitayamba. Tinakwera minibasi m'mawa, nkhungu ili thoo m'minda ya tiyi. Wamng'onoyo ankayamwabe ndiye tinapita naye, ndipo popeza kumsana kwanga kunali zilonda, anamunyamula ndi abambo ake pachifuwa ulendo wonse. Amayi ena m'minibasimo ankawayang'ana n'kumamwetulira.

Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala a khungu anali amayi achikulire, a magalasi olendewera pachingwe, olankhula mosathamanga. Anandandalika machubu athu patebulo n'kumawerenga timalemba tating'ono tija ife sitiwerenga. Anati ngakhale mabokosi ndi osiyana, mankhwala onsewo ndi a banja limodzi lotchedwa masiteroidi, kungoti a ku Bvumbwe aja ndi aukali kwambiri ndipo si oyenera kufika kumaso. Anati mankhwala amenewa amathandiza anthu ambiri a ziwengo, ndipo adokotala athu sanalakwitse kuyamba nawo. Koma alipo anthu ochepa amene mankhwala omwewo amawawenga. Chimasokoneza n'chakuti poyamba amaziziritsa khungu monga mwa ntchito yake, ndiye munthu amayesa akuchira, kenako khungu limawakana, munthu n'kuwonjezera kudzola.

Atatero anati akufunabe kudziwa chimene chinayambitsa timatuza toyamba tija, ndisanadzole kalikonse. Anafunsa za sopo, za zakudya, za mankhwala opopera kumunda, za mapiritsi. Zonse ndinkayankha. Kenako anafunsa ngati ndili pa njira iliyonse yolera.

"Zimenezo ayi, adokotala. Sitinayambe," anayankha amuna anga.

Adokotala sanalembe. Anayang'ana ine, osati iwo, ndipo anadikira. Ndinayang'ana kaphazi ka mwana kali lendee pamwendo pa abambo ake. Ndikanatha kukhala chete, koma ndinali nditatopa kwambiri.

"Ndinabayitsa kawiri," ndinatero. "Kachitatu ndi sabata yamawa."

Sindinayang'ane kumbali kwanga. Adokotala anapitiriza ngati palibe chachitika, ndipo ndimawathokozabe chifukwa cha zimenezo. Anafunsa miyezi imene ndinabayitsa ndi miyezi imene zidzolo zinkakula, n'kuona kuti zikuyenderana. Anafotokoza kuti m'jakisoni uja muli mahomoni ofanana ndi amene thupi la mayi limapanga lokha, ndipo mahomoni amenewo ndi apachibale ndi mankhwala a m'machubu aja. Amayi ambirimbiri amabayitsa popanda vuto lililonse, koma thupi langa likuoneka kuti silikugwirizana ndi banja lonselo. Anati za jakisoni sangalumbire, koma kachitatu ndisakabayitse. Za mankhwala odzola anati titha kuyesa. Anandionetsa malo abwino mkati mwa chigongono chakumanzere kuti ndizipakapo pang'ono, ngati kambewu ka nandolo, kawiri patsiku. Chakumanja ndizipakapo mafuta oyera opanda fungo, aja timadzoza makanda. Ndibwerenso pakatha sabata.

Tikutuluka anauza amuna anga kuti maso awo ndi amene atifikitsa pamenepa. Iwo anangoti zikomo.

Kuchokera ku Limbe mpaka ku Bvumbwe sanandilankhule. Minibasi itaima, ogulitsa anadzaza m'mawindo ndi tomato, kabichi, mbatata, koma iwo ankangoyang'ana kutsogolo. Tinatsika pasiteji yathu n'kulowa kanjira kodutsa m'munda wa tiyi, kamvula ka chiperoni kakuwaza. Anali patsogolo ndi mwana, atamufunditsa jekete lawo. Titafika pamitengo ya bulugamu anaima kuti ndiwapeze.

"Munkaona ngati ndikumenyani?" anafunsa.

Ndinati ayi. Ndinati ndinkaopa kuti andikaniza, ndipo akanandikaniza sindikanadziwa chochita, chifukwa mimba ina ndinkaiopa kwambiri. Ndinawauza zimene anamwino ananena tsiku lotuluka m'chipatala lija. Anakonza jekete pamutu pa mwana.

"Tsiku limene munkachira mwana uyu ine ndinali pakhonde," anatero. "Ndinaona anamwino akuthamanga ndi magazi okuthirani. Ndinauza Mulungu pomwepo kuti atatu akwana. Inuyo sindinakuuzeni. Ndinkati mudzayesa kuti ndatopa nanu."

Tinapitiriza ulendo. Ndikanakonda kunena kuti zonse zinathera panjira pomwepo, koma si mmene zinakhalira. Masiku atatu otsatira ankalankhula nane zofunika zokhazokha, madzi osamba, chakudya, ana. Amayi anga anaona, koma anangoti mkamwini wawo watopa ndi ulendo. Tsiku lachitatu ndinawapepesa amuna angawo bwinobwino. Anati chimene chinawawawa si jakisoni, koma kuti anandiyankhira molimba mtima pamaso pa adokotala, osadziwa kuti m'chipindamo wosadziwa kanthu ndi iwo okha. Ndinawamvetsa. Ndinatenga kakhadi kaja m'buku la nyimbo n'kuwapatsa. Anakawerenga mbali zonse ziwiri n'kukaika m'buku langa lakuchipatala.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndi iwo anandiuza kuti nditambasule mikono. Chigongono chakumanja chinali bwinobwino. Chakumanzere chinali chitafiira malo ozungulira ngati chivindikiro cha botolo, ndipo pofika madzulo panatuluka timatuza tomwe tija. Ndinadabwa kuona kuti ndasangalala. Miyezi isanu ndinali ndikulimbana ndi chinthu chosaoneka, ndipo tsopano chinali pamkono panga, pamalo amene ndinapaka ndekha.

Ulendo wachiwiri wa ku Blantyre anandiperekeza ndi achemwali aja. Anachita kuumirira. Chiyambire tsiku limene ndinatupa nkhope ankandizemba, nthabwala zonse zitatha, ndipo m'minibasi anandiuza kuti akhala akusowa mtendere poganiza kuti anandipha ndi manja awo. Ndinawauza kuti chubu chawo chinangofulumizitsa zimene zinali kale panjira. Adokotala ataona chigongono changa anagwedeza mutu, n'kulemba ndi cholembera chofiira patsamba loyamba la buku langa mayina a mankhwala amene sindiyenera kudzola kapena kubayidwa. Anati bukulo ndizilionetsa kulikonse, ngakhale ndikapita kukachotsa dzino. Anandipatsa mafuta ena a mtundu wina kuti ndiwayesenso pamkono kaye, ndipo amenewo khungu linawalola. Anandiletsa sopo wonunkhira. Anati kukayabwa ndiziika kansalu konyowa m'malo mokanda. Achemwali anatulutsa m'chikwama machubu awiri amene ankagwiritsa ntchito kunyumba kwawo n'kufunsa ngati ali abwino. Adokotala anawerenga, anabweza chimodzi, china anachiponya m'bini.

Za kulera tinapita tonse ndi amuna anga kukiliniki. Anali mwamuna yekhayo pabenchi ya amayi, chipewa chili pabondo. Anamwino anatifotokozera njira zosiyanasiyana, ndipo tinasankha lupu, ija yopanda mahomoni.

Kuchira kunatenga nthawi. Adokotala a khungu anali atandichenjeza kuti jakisoni satuluka m'thupi tsiku limodzi, ndipo khungu lozolowera mankhwala aukali limayamba lalusa ukawasiya. Mwezi wa Juni unali woipa. Khungu linkasupuka ngati la mbatata yowotcha, ndipo ndinkasesa timamba pamphasa. Mu Julayi zilonda zinauma. Pofika nthawi yodulira tiyi ndinatha kubereka mwana kumsana koyamba m'miyezi yambiri, ndipo ndinayenda naye mpaka kuchigayo popanda chifukwa chenicheni, ufa tili nawo. Pakhosi ndi m'mikono panatsala mabala akuda amene anazirala pang'onopang'ono. Ena alipobe.

Adokotala athu a kumpoto aja analembera akuluakulu a kumunda kuti ndisamanyowe tsiku lonse ndi mame kapena kusenza dengu mpaka khungu litalimba. Anandisamutsira kunazale, kumene timafesa mbande za tiyi. Ndinapita monyinyirika, chifukwa ndinkaona ngati andiika kwa okalamba, komanso ndinkasowa phokoso la anzanga. Koma ntchito ya kumeneko inandilowa m'magazi. Umadula kanthambi ka tsamba limodzi, mpeni uli wakuthwa, n'kukabzala m'kathumba ka dothi, kenako n'kuphimba ndi pulasitiki pansi pa mthunzi. Umadikira miyezi osaona kanthu. Tsiku lina umatsegula n'kupeza timasamba tatsopano tofiirira, mizere yonse. Dothi limafunika kusefa, madzi osachuluka, dzanja lopepuka. Khungu litachira anandifunsa ngati ndikufuna kubwerera kumunda, ndinapempha kukhala. Ndili konko mpaka lero, ndipo tsopano ndine amene ndimaphunzitsa obwera kumene kadulidwe kake.

Khungu langa silinabwerere mwakale ndithu. Miyezi ina, kukatsala masiku ochepa kuti ndipite kumwezi, m'mikono mumayabwa pang'ono ndipo pamatuluka timatuza tiwiri titatu. Adokotala a ku Blantyre ananeneratu kuti zitha kumachitika, popeza thupi limapanga lokha mahomoni ofanana ndi aja. Sizindiopsanso. Ndimadzola mafuta a makanda, ndimavala malaya a manja aatali a thonje, pakatha masiku anayi zatha. Nthawi zina amuna anga ndi amene amayamba kuona, n'kundiuza kuti ndikonzeke.

Mayi uja anatsuka mpopi tinadzayanjana. Sanapepese ndi mawu, anangobwera tsiku lina ndi mbale ya nandolo wamuwisi wosenda kale. Achemwali anapuma ntchito, anabwerera kumudzi kwawo, ndipo ndikapita kukawaona amandionetsa kwa anthu ngati munthu amene anamuchiritsa okha.

Chaka chathachi kunazale kunabwera mtsikana wina wongokwatiwa kumene. Ndinamuona akukanda pakati pa zala, akubisa manja mu nsalu. Pa nthawi ya phala ndinakhala naye pambali. Anandionetsa, n'kutulutsanso kachubu kamene anagula pagolosale. Ndinamufotokozera nkhani yanga yonse, mwina motalikitsa, iye maso ali tong'o, mpaka ndinaona kuti ndamuopseza. Ndinamuuza kuti ine si dokotala, ndipo ndinamuperekeza kukiliniki tsiku lomwelo. Adokotala a kumpoto aja anasamuka kalekale, pano kuli amayi ena a ku Ntcheu. Anayang'ana zala zake kamodzi kokha n'kunena kuti ndi mphere wamba, abwere ndi mwamuna wake, ndipo zofunda zonse azichape n'kuziyanika padzuwa.

Pobwerera tinaseka njira yonse, iye akuseka ine, ine ndikudziseka ndekha. Titafika tinapeza anzathu atayamba kale kuthirira, ndiye tinatenga makeni athu n'kuyambira mzere wakumapeto.